Mbendera ya pa Zenera la Bafa

Mng'ono wanga wokondedwa,

Uli bwanji ndi bondo lako lija? Ine thupi lili bwino, chikundidwalitsa ndi manyazi. Ukaona zilembo zikupendama usaseke. Kalatayi ndalemba ndekha, chifukwa amene amandilembera, mdzukulu wanga wamkulu uja, ndiye sayenera kuiona.

Ukukumbukira chipani chathu cha pakati, chokana kukokera uku kapena uko? Mbendera yake yoyamba ndinasoka ndine pa makina a amayi. Masiku amenewo holo inkadzaza mpaka m'mazenera, ife tikuimba kuti wogona pakati samva kuzizira. Kenako atsogoleri anayamba kulimbirana mpando, tinagwa pa zisankho ziwiri, anthu balala! Anatsala asanu ndi awiri, n'kumakumana m'shopu ya wometa tsitsi uja. Ine ndinathawira kwa opambana. Tsiku lina ndinaima pakhomo pa shopuyo n'kuwakuwiza kuti wogona pakati amakodzeredwa mbali zonse. Msewu wonse unaseka.

Tsono chipanicho chadzuka. Achinyamata atopa ndi mbali ziwiri zongotukwanana, akulembetsa ngati nyerere, ndipo mdzukulu wangayu ndi mlembi wa nthambi ya kuno. Pakamwa panga ukupadziwa. Ndinamuuza kuti ine sindinasunthepo, mbendera ndinaisunga m'sutikesi kwathuko, yopinda bwino. Mwanayo wakalengeza. Pa msonkhano waukulu mwezi wamawa akuti andiimika kutsogolo kuti ndiitambasule.

Lamulungu mdzukuluyo anabwera ndi mlendo wa chipani wochokera kwathuko. Kutsegula chitseko, wometa uja! Mano atsala atatu, koma maso ndi omwe aja. Mdzukulu akundiyamikira kuti sindinataye chipani, wometayo anangomwa tiyi wake n'kunena kuti msoko wanga unali wolimba kuposa wa telala aliyense. Basi. Akananditukwana ndikanadziwa choyankha.

Pempho langa ndi limodzi. Mbenderayo ndi nsalu ija ili pa zenera losweka la bafa kwathuko, ndinaikhomera pamenepo chaka chomwe tinagwa kachiwiri. Uzule misomali mosamala, uitumize pa basi. Poyamba ndimati uichape, uisite, ine ndisoke mabowo. Koma wometayo amadutsa kuseri kwathu m'mawa uliwonse, zaka zonsezi wakhala akuiona. Choncho usaichape. Ibwere ndi dzimbiri lake lomwelo. Ndimuonetsa mwanayu msonkhano usanafike, amve kwa ine mwini, asakachite manyazi m'holo chifukwa cha bodza la agogo ake.

Pazenerapo utsekepo ndi malaya a chipani cha opambana aja. Ndiwo ali m'sutikesi ndinaisiya kumeneko ija, opinda bwino.

Moni kwa ana ako ndi zidzukulu zonse. Alamu anga uwapatse moni wokha, nkhaniyi ayi, pakamwa pawo pamaposa panga.

Tsala bwino.

Ndine mkulu wako,
Wosoka uja