Mpango Wanu ndi Khosi la Maliwase

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Mwase tili bwino, kupatula bondo la atate lomwe limaneneratu za mvula kuposa wailesi.

Ndiyambe ndi zokoma. Mtedza chaka chino wabereka moti nkhokwe yanu yakale ija tachita kuikuza. Fodya ndiye watikana, feteleza anafika mochedwa. Ine ndinachira mwezi wa Malichi, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akayamba kulira amamveka mpaka ku Kasungu, ndiye atate akuti dzina lapeza mwini wake.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya mng'ono wanga Maliwase. Pogawa zovala zanu, iye analandira mpango wobiriwira uja munkamanga pakhosi. Ankauvala kutchalitchi, kudimba, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinkayesa ndi chisoni chabe. Tsiku lina ndikumuluka tsitsi ndinamuvula mpangowo, ndipo chala changa chinagunda kanthu kolimba ngati nzama youma. Amayi, kuluka ndinasiyira pomwepo.

Ndinakumbukira zanu. Chithokomiro chanu munakhala nacho zaka zambiri, monga amayi ambiri a kuno, ndipo tikachinena munkaseka n'kuti, "Ichi ni chikwama changa, chisiyeni chabe." Kenaka m'dzinja limodzi lokha chinauma gwa, chinakula, mawu anasasa, ngakhale phala linkakana kutsika. Pofika ku Lusaka adokotala anati ndi khansa ya mtundu waukali, yokonda kugwira achikulire, ndipo inali itamanga kale njira ya mpweya. Chimanga chimene munabzala chaka chimenecho tinadya popanda inu.

Azakhali atamva za Maliwase anagamula pomwepo kuti matenda abwera ndi mpango, tikauwotcha chotupa chiphwa. Anauwotchadi kuseri kwa khola, uku akukukalipirani kuti mumusiye mwana. Ngati munamva, akhululukireni, pakamwa pa alamu anu mukupadziwa. Tinadikira mwezi wathunthu. Mpango unapsa, chotupa chili pompo. Za kuchipatala, Maliwase mwini wakeyo ankati tiyambe takumba mtedza. Inu munkati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma uyu anangokhala phee, ndiye chitsekocho ndinatsekula ndine. A Zimba, amuna anga, anamukweza pa njinga mpaka pamsewu, ine ndikutsatira pambuyo, khanda lili kumsana, kuopa kuti angatsike panjira.

Kuchipatala cha ku boma anatitumiza ku Chipata, ku Chipata anatitumiza ku Lusaka. Kumeneko anamuchita opaleshoni, anachotsa chithokomiro chonse pamodzi ndi tizotupa tina tomwe tinali titayamba m'mbali mwa khosi. Ndi khansa ndithu, ndipo inali itayamba kuyenda. Koma adokotala anati siyaukali ngati yanu ija, munthuyo ndi wamng'ono, ndiponso tafika isanagwire njira ya mpweya. Ndinalira pabenchi ngati kamwana, mpaka mayi wina wachilendo anayamba kundipepesa poyesa kuti tataya munthu. Nditamuuza kuti ndikulira chimwemwe, anandilanda mtedza wokazinga umene anali atandipatsa pondipepesa, tonse n'kuseka.

Tsopano ali kunyumba kwake ku Mphamba. Amamwa piritsi limodzi m'mawa uliwonse, ndipo akuti adzamwa moyo wake wonse. Chipsera sachibisa, amati ndi mkanda wake wosaduka. Mawu adakali osasa, moti mwamuna wake akuti m'nyumba mwalowa mtendere. Ndamuuza kuti asazolowere. Azakhali nawo akuuza aliyense kuti chimene chinathandiza ndi moto wawo uja, opaleshoni inangomalizitsa. Sinditsutsana nawo, bola munthu ali moyo.

Ine ndiye ndasanduka msowetsa mtendere pamjigo. Mayi aliyense amene khosi lake landikayikitsa ndimamugwira, moti ena akandiona amayamba kukweza zitenje mpaka m'chibwano.

Sindikudzitama ayi. Nthawi zonse munkatichenjeza kuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Adokotala akufuna kumuonanso mvula isanagwe, chifukwa matendawa amatha kubwerera mwakachetechete. Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Maliwase wayamba kale kudandaula za kutalika kwa ulendo ndi maenje a msewu wa ku Chipata.

Ndikulonjeza kuti ulendo uliwonse umene adzamuitane ndidzapita naye, kaya tikangane njira yonse. Timakusowani, Amayi, ndipo ndikudziwa kuti inunso mumatisowa. Koma ngati munamuyalira mphasa kumeneko, ikulungeni. Maliwase sabwera msanga, ndakana ine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnati