Supageti ya Loweruka

Lolemba, 3 Malichi

Pepa buku iwe, ndimakukumbukira pokhapokha mtima ukavuta. Ndilibe wina womuuza.

A Wamagetsi, aja amatikonzera ayironi kushopu yathu yosoka, andiitana. Akuti Loweruka tikayende m'tauni, kenako tikadye pa kalesitilanti ka supageti kali kuseri kwa sitolo ya nsapato. Ndinangovomera ndi mutu. Sindinadyepo ndi foloko pamaso pa munthu wamwamuna. Akadzaona mmene ndikudyera, adzandiitananso?

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndasokerera batani mbali yolakwika, ine amene sindiphonya. A telala anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Nditawauza achemwali anga za supagetiyo, akuti, "Udzangoiyamwa ngati mwana wa mbuzi, wokukonda akukondabe." Kuseka mpaka kugwira khoma. Iwo zonse n'zophweka.

Lachitatu, 5 Malichi

Poweruka sindinakwere basi. Ndayenda wapansi, kudutsa kwa wometa tsitsi, kwa wokonza mafoni, kulumpha ngalande, mpaka pa sitolo ya nsapato. Kalesitilantiko ndakaona. Chitseko chobiriwira, matebulo ochepa, zenera lochita nthunzi. Ndinadutsa, ndinabwerera, ndinadutsanso ngati wotaya ndolo. Bambo wina mkatimo amangozunguza foloko, supageti n'kumadzikulunga yokha ngati ulusi pa bobini. Amatha bwanji?

Lachinayi, 6 Malichi

Ndalowa. Ndekha!

Mayi woperekera zakudya, wa mawu okweza, anandikhazika pakona. Mayina a papepala la zakudya ndinawawerenga ndi chala, osamvapo ngakhale limodzi. Ndinaloza la pamwamba. Supageti inabwera yofiira, ikufuka, fungo la adyo lokhalokha.

Ndinazunguza, inapulumuka. Ndinazunguzanso, inandimenya pachibwano, msuzi waa pa bulauzi. Basi ndinatenga mpeni n'kuyamba kuidula tizidutswa tofanana.

"Iii achemwali, mukuchita kuyeza ndi tepi?" anatero mayi aja. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Kaya bwanji, ndinawauza za Loweruka. Anakoka mpando. Akuti tengani zingwe zochepa, tsamiritsani foloko m'mbali mwa mbale, zunguzani mosathamanga. Inatheka. Ndiyokoma ndithu, ndimangoiopa chabe.

Ndinawapempha asadzanene kuti ndinabwerako. Akuti, "Musadandaule, sindinu woyamba sabata ino."

Lachisanu, 7 Malichi

Achemwali andipeza ndikuyeseza ndi foloko ndi ulusi wolukira majuzi. Sindilemba zimene anena.

Uthenga woti ndadwala ndaulemba, ndaufufuta. Ndaulembanso. Ndafufuta.

Loweruka, 8 Malichi

A Wamagetsi anabwera atavala malaya oyera, ositidwa bwino, kolala yokha yakhota. Tinayenda ulendo wautali. Iwo kumandionetsa nyumba zimene anaikamo mawaya, ine kumangoti "ee".

Titalowa, mayi aja anatiyang'ana, ine, iwo, inenso, n'kugwira pakamwa. Ndinawapempha ndi maso. Anabweretsa mbale osalankhula, koma mapewa akugwedezeka.

Ndinachita monga anandiphunzitsira. Zingwe zochepa, m'mbali mwa mbale. Nditakweza maso, a Wamagetsi akuchita chimodzimodzi, milomo ikuyenda ngati akuloweza. Kenaka chingwe chimodzi chinawapulumuka. Msuzi pachifuwa penipeni.

Mayi aja analephera kupirira. "Achimwene inu! Lachiwiri ndinakuuzani kuti zoyera ayi!"

A Wamagetsi maso pambale.

"Munabwerako?" ndinafunsa.

"Kudzayeseza," anatero chapansipansi. "Ndimaopa kuti mudzandiseka."

Ndinaseka ndithu, mokweza, mpaka a tebulo lina anacheuka. Mayi aja anandiyang'ana, nsidze m'mwamba, kudikira. Ndinati, "Ine Lachinayi."

Ndinanyowetsa kansalu m'madzi a m'tambula yanga n'kuwapatsa a Wamagetsi. Kenaka ndinangomva pakamwa panga pakunena, "Musapukute, dindani chabe. Lolemba mubweretse malayawa, ndikonzenso kolalayo."