Wailesi Kutsogolo, Madala Kumbuyo

Lachiwiri, 4 Juni

Mwana waimbanso foni. Nkhani yomwe ija. Pa 30 akubwera ndi galimoto kudzatenga bambo ake, azikakhala nawo m'tauni pafupi ndi chipatala. Akuti ine ndakula, sindingasamale ndekha munthu wosaona. Ineyo, amene ndinam'chapira matewera iyeyo.

Madala sanatsutse. Ali pampando wawo pakhonde, nkhope yaloza kumapiri amene sakuwaonanso. "Kulikonse n'chimodzimodzi, mdima ndi womwewo." Mawu a tsiku lonse ndi amenewo.

Zandiwawa. Munthu amene analondera nkhalango yotetezedwa ija mpaka kupuma pantchito, tsiku ndi tsiku panjinga, kuchoka pageti mpaka pamwamba pa mpata. Shuga watenga maso okha. Miyendo ilipo, mapapo alipo. Koma chaka chino sanatulukepo kunja kwa mpanda.

Njinga yawo ili m'shedi, matayala aphwa. Yanga yatsamira pambali pake. Ndaziyang'ana nthawi yaitali.

Lachisanu, 7 Juni

Kwa wowotcherera zitsulo. Njinga zonse ziwiri ndakankha ndekha, Madala ali m'tulo. Ndamuuza kuti adule, alumikize, ikhale imodzi ya zishalo ziwiri. Ndinaionapo kwa alendo obwera kudzapalasa m'mapirimu, mayi ndi mwamuna wake panjinga imodzi. Wowotchererayo anaseka mpaka kuvula magalasi ake akuda aja. "Amayi, mukufuna kufera limodzi?" Ndamuyankha kuti n'zimene tinalonjezana tsiku la ukwati.

Mtengo wake sindilemba pano. M'khola nkhuku zachepa, basi.

Lachitatu, 12 Juni

Yabwera. Yaitali ngati benchi. Kutsogolo kofiira, kwanga. Kumbuyo kwakuda, kwawo. Ndinawagwira Madala dzanja n'kuliika pachishalo. Anasisita, anatsika nacho chitsulo, pofika polumikizira dzanja linaima.

"Mwadula njinga yanga, a Wailesi?"

Dzina limenelo anandipatsa tili achinyamata, akuti ndikatsegula pakamwa palibe wothimitsa. Miyezi yonseyi sanalitchulepo. Alitchula mokwiya, koma alitchula.

Masana onse osandilankhula. Madzulo ndawapeza m'shedi akukoka tcheni ndi chala. Akuti chakumbuyo chakhwepa, wowotchererayo njinga saidziwa. Anapempha sipanala.

Ndinapita kukhitchini kukalira pang'ono, kenako n'kukawapatsa sipanalayo.

Loweruka, 15 Juni

Tagwa. Pabwalo la mpira la kusukulu, anthu akuona. Wolakwa ndine, ndinakhota osanena. Iwo kupendekera uku, ine uko. Bondo langa lasupuka, iwo chigongono. Ali chigonere pansi anati, "Moyo wanu wonse mumalankhula popanda wokufunsani. Lero ndikufuna mulankhule, mwatseka pakamwa."

Ndiye lamulo lakhazikika: chilichonse ndizinena. Khona kumanzere. Bampu. Mchenga. Galu. Tikuima. Iwo ntchito yawo kupalasa ndi kuimba belu. Belulo ndalimangirira pachogwirira chawo.

Tazungulira bwalo mpaka dzuwa kupendeka, osagwanso.

Zaka zonsezi kundinena kuti ndimalongolola, iwo ndi abale awo omwe. Lero kulongolola komweko ndiye maso a munthu. Ndanyada, sindibisa.

Lachinayi, 20 Juni

Talowa m'nkhalango. Mlonda wa pageti, mnzawo wakale, anatiwona tikubwera n'kuima njo, sawatcha pamphumi, kuiwala kuti Madala saona. Ine n'kuulutsa: "Akukuchitirani sawatcha." Belu linalira kumbuyo kwanga.

Mkatimo muli misewu itatu ya phula. Wa m'chigwa wotsata mtsinje, wopita kudamu, ndi wokwera ku mpata. Lero tangofika pamlatho woyamba wa m'chigwa. Mphamvu yochokera kumbuyo, abale. Ngati wina akundikankha ndi manja awiri. Ndipo giya amandiuza kuti ndisinthe chitunda ndisanachione. Akuti msewu umenewu amaudziwa ndi matako.

Pobwerera ndinafunsa kuti ulendo wina titenge uti. Akuti wa m'chigwa ndi wa alendo ovala zothina. "Wa ku mpata."

Mwana wamva, wina wam'tumizira chithunzi pafoni. Waimba foni. "Amayi, mukufuna kundiphera bambo anga?" Ndamuuza kuti ndinayamba kuwadziwa ndine iye asanabadwe. Ndayankha mwamphamvu, koma sakunama. Ku mpata kuli maphompho, ndipo mabuleki onse ali m'manja mwanga. Ndikuopa.

Lachiwiri, 25 Juni

Tayesa msewu wa ku mpata. Tabwerera panjira, ndipo wolephera ndine.

Wefuwefu, thukuta kamukamu, maso kuchita mdima. Ndinkangoti patsala pang'ono, patsala pang'ono, podzilimbitsa ndekha. Iwo: "Musandinamize, mathithi sanayambe kumveka." Tinatsika, tinakhala pamwala. Anandimwetsa madzi ngati mwana.

Kenako mawu amene andipsetsa mtima mpaka pano. "Mwayesetsa, a Wailesi. Kutauni kulibe zitunda, mupuma." Ndiye kuti akuganiza kuti akunditopetsa. Apita kuti ine ndipume.

Madzulo andiuza kuti nditsitse sutikesi pamwamba pa kabati. Ndatsitsa. Ndapukuta fumbi. Sindinaikemo ngakhale sokosi.

Miyendo ngati si yanga. Mafuta opaka atha.

Loweruka, 29 Juni

TAFIKA. Ndilembe zonse manja asanaume.

Tinanyamuka kukuzizira. Pamwala uja tinadutsa osaima, ndinangoutukwana chamumtima. Mathithi anamveka. Kupitirira pamenepo msewu umapindika ngati chingwe chotayidwa pansi, kumanja khoma la mwala, kumanzere osayang'anako. Pa chitunda chomaliza mpweya unandithera, mawu osatuluka. Ine, Wailesi. Ndinachita mantha kuti tigwa ngati tsiku lija.

Ndiye ndinamva kumbuyo kwanga: "Khona kumanja. Giya yopepuka. Kamlatho. Khalani pakati, m'mbalimo phula linagumuka." Linagumukadi. Wosaona kuuza woona njira. Ine kwanga kunali kugwira chiwongolero ndi kumvera, chinthu chimene sindinachitepo m'banja lino.

Sabata yonse ndinkakonza mawu oti ndikawafotokozere pamwambapo. Ndinkafuna ndikawabwezere mapiri awo ndi pakamwa panga, aone kuti kuno ndi kutauni si chimodzimodzi. Tinafika. Kuli mbuu. Chifunga chokhachokha, ngakhale tayala lakutsogolo losaoneka bwino. Ntchito yonseyi, nkhuku zanga, bondo langa.

Ndinangoti duu.

"A Wailesi, mabatire atha?"

Ndinayamba kunama. Ndinati kukongola kwake, kuwala kwake. Anaseka chikhakhali, kuseka kumene sindinakumve chichokereni kuchipatala. Akuti chifunga chili pansidze zawo, ndisavutike.

Kenako anandigwira mapewa n'kunditembenuza pang'ono. Chala chawo kuloza m'chifungamo. Akuti kutsogolo kwanga kuli chigwa, mtsinje umapinda ngati chigongono usanalowe m'mitengo. Kumanzere phiri losongoka ngati dzino, pamene ziwombankhanga zimaswera. Kumanja damu, m'mawa limaoneka lakuda, masana lobiriwira. Ananditembenuzanso. Pansi uko, kupitirira geti, kadenga kamodzi kamene kamawala dzuwa likapendeka.

"Ndi kathu. Ndinkadyera pano chakudya chamasana. Mukayanika zovala ndinkaona."

Zaka zonse zija ine kuchapa, kuyanika, ndikudandaula kuti munthuyu akapita kumapiri ake amaiwala kuti ali ndi mkazi. Pamwamba pa mpata ndinali ndisanafikepo n'kamodzi komwe. Lero ndafika, chifunga chatseka zonse, ndipo ndaona zonse.

Kutsika kwake manja anachita dzanzi ndi mabuleki. Ndinanena khona iliyonse, mwala uliwonse, nyani aliyense. Iwo belu njira yonse ngati mwana wapatsidwa chidole. Mlonda uja anatsegula geti lonse, la magalimoto, kutsegulira njinga.

Mwamuna wanga ameneyu. Mkazi wake ndine.

Za mawa sananene kanthu. Sutikesi ikadali pakona.

Lamulungu, 30 Juni

Galimoto ili pabwalo. Mwana walowa ndi nkhope ya ntchito, wapeza mpando wa pakhonde uli wokha. Watsegula sutikesi, wandiyang'ana. Ine maso kudenga.

Bambo ake anali m'shedi, akupopa tayala. Ndinaima pakhomo, osalankhula, ndipo aliyense adziwe kuti zinandivuta. Mwana anayala zake zonse: chipatala, mankhwala, masitepe, msinkhu wanga. Madala anamvetsera mpaka kumapeto, chala chili pa vavu.

"Kutauni ndidzabwera kudzakuona, mwanangu. Koma kukakhala ayi. Ndikapita, amayi akowa aziwaonetsa malo ndani? Damu lomwe sanalione."

Mwana anakhala pa thumba la chakudya cha nkhuku. Kulira, kuseka, zonse pamodzi. Wagwira miyendo ya bambo ake, akuti yalimba ngati mitengo. Wati mankhwala azitumiza mwezi ndi mwezi, ndipo zipewa zolimba tigule, zimenezo sakambirana. Tavomera.

Sutikesi ndabwezera pamwamba pa kabati ndekha.

Panopa ndikulemba ndili pawindo. Belu likulira panja. Madala akwera kale kumbuyo, ndipo amuuza mwana kuti ayese kutsogolo, pampando wanga. Nsanje yandigwira pang'ono, ndisaname. Mwanayo wagwira chiwongolero, waluma mlomo, ali chete. Anatengera bambo ake ameneyu, mawu amachita kuwerenga. Akulunjika pa khona ya khola osanena kanthu. Ndithamange ndikamuuze kuti kutsogoloko munthu satseka pak—