Nyimbo ya Wotsimphina

Lachitatu, 20 Epulo 1994
Mwera kuyambira m'mawa, mabwato onse pamtunda. Kwabwera Steward wa chipani chatsopano, malaya akununkhirabe m'sitolo. Akufuna boma lathu, gulu lovina malipenga, likavine pamsonkhano wawo kumapeto kwa mwezi, ndi nyimbo yatsopano yolasa anthu amene ankatikakamiza kugula makadi a chipani. Si nyengo ya malipenga ino, mpunga ukadali m'munda. Koma wati m'Nkhotakota monse wopeka nyimbo ndine ndekha. Ine mutu kukula ngati dzungu. Ndavomera asanamalize n'komwe kulankhula.

Lamulungu, 24 Epulo
Nyimbo yatheka. Ya munthu woima pachipata cha msika, kubweza amayi opanda khadi la chipani, usipa n'kuwolera m'dengu. Dzina sindinaikemo. Ndangoti "wotsimphina mwendo wamanzere." Ndani sakudziwa? Ndi a Layson, Kingi wa boma lathu, amene anali tcheyamani wa chipani chakale. Omwewo anandiphunzitsa kuboola chipanda ndi kumatapo kansalu ka kangaude kuti lipenga lilire. Anyamata kuseka mpaka kugwa chagada. Mkazi wanga Benedicta sanaseke, wangoti mwendowo ndiuchotsemo. Sindichotsa. Pamene pakukoma ndi pomwepo.

Loweruka, 30 Epulo
Ndimati a Layson sabwera kumsonkhano. Abwera. Kabudula woyera wosita bwino, masokosi mpaka m'maondo, ndodo m'khwapa. Mwambo ndi mwambo, gule sayamba Kingi asanayendere mzere wa asilikali ake. Ayendera. Atafika pa ine andikonzera kolala. Kenaka ng'oma. Avina kutsogolo nyimbo yonse, anthu akuloza mwendo, amayi nthungululu. Sanaphonye sitepe ngakhale imodzi. Ine lipenga pakamwa, mpweya osatuluka. Manyazi ake, Mulungu wanga.

Lachiwiri, 3 Meyi
Nyimbo ija ana akuiimba pamjigo uku akutsimphina dala. Mdzukulu wa a Layson wabwerako kusukulu akulira. Ine ndikuzemba njira ya kwawo, ndikudzera kuseri kwa mzikiti ngati wakuba nkhuku. Za makadizo anachitadi, sindinaname. Ndadziuza choncho tsiku lonse. Sizikuthandiza.

Lamulungu, 8 Meyi
Dzulo anyamata ochokera kumowa agwetsa thandala la a Layson, usipa wonse mumchenga, ukonde kuung'amba ndi mipeni. Akuti ankaimba nyimbo yanga pochita zimenezo. Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo, maso pansi. Steward watumiza nsalu ya chipani yoti ndim'patse Benedicta. Waifunditsa khola la nkhuku, osandiyang'ana.

Lachitatu, 11 Meyi
Ndapita kwa a Layson. Ndawapeza pansi pa mango akusoka ukonde, okhaokha, wowathandiza palibe. Ndakhala pansi, ndagwira mbali ina. Pepani ndinachoka naye kunyumba, ndabwerera naye osamupereka. Tasoka mpaka dzuwa kupendeka. Potsanzikana ndi pamene alankhula.
"Tedson, mzere wachiwiri uja watalika. Anyamata akutha mpweya asanafike kumapeto. Chotsapo mawu awiri, ng'oma ilowe msanga."
Basi. Za mwendo ayi, za ukonde ayi. Bola akanangonditukwana.

Lachinayi, 12 Meyi
Mawa msonkhano womaliza tisanavote. Akuti kubwera anthu a wailesi kudzajambula. Steward walamula nyimbo yomweyo, ina ayi. Benedicta akuti ndinamizire malungo, popanda ine anyamata saiyamba. A Layson atumiza mawu kuti yunifolomu yachapidwa kale, adzayendera mzere monga mwa nthawi zonse.
Masana ndapita kuseri kwa nthochi ndi lipenga. Ndimati kungoyesa chabe. Ndachotsa mawu awiri aja.
Ikukoma kuposa kale. Ikukoma zedi. Ndipo ine, galu ine, ndikufuna kuimva pawailesi.