Kabwato ka Agogo Susannah

London
2 Juni 1997

Okondedwa achimwene a Orrin,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga a Nedra? Msana uja wapola, kapena mukukwerabe thirakitala mouma mutu monga mwa masiku onse? Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yomweta msipu woyamba, choncho sinditaya mawu kukuuzani kuti mupume. Ine kuno ndili bwino, kungoti bondo limandikumbutsa zaka zanga mvula ikamagwa, ndipo kuno mvula siphonya tsiku.

Ku chipatala andisamutsira ku wodi ya okalamba, ntchito ndi yambiri koma ndikuikonda. Ku mpingo nakonso akukonzekera chikondwerero cha zaka 150 chifikireni makolo athu ku Chigwa cha Salt Lake. Akhoma kangolo kamodzi koti tikakoke m'paki monga makolowo adakokera popita kumeneko, ndipo asankha ine kukhala patsogolo, ati poti ndine ndekha amene agogo ake adakokadi ngolo yeniyeni. Za bondo palibe amene wafunsa.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula mawu. Pepala simungalidule. Vulani nsapato, khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kupukusa mutu.

M'kalata yanu munati wosema miyala wa ku Logan ayamba kusema mwala watsopano wa pamanda a Agogo Susannah pa 20 Juni, kuti tidzauvundukule pamsonkhano wa banja pa 24 Julayi. Munandilemberanso mawu ake, akuti Susannah Gosling Wardle, mdzukulu wa banja lachifumu la de Gosselin la ku Falansa, ndipo pamwamba pake mkango uja wa pachishango. Ndinanyadira, sindibisa. Ndinaganiza zokafunafuna nyumba imene agogowo adabadwira kuno, ndiijambule, kuti nanenso ndidzaonekeko pamsonkhanopo ngakhale pachithunzi.

Ndinapita ku Spitalfields, dera lina la konkuno ku London. Pa laibulale ina kumeneko anandilozera kwa Mayi Pettifer, gogo wa zaka makumi asanu ndi atatu amene amakhala pakona Lachinayi lililonse kuthandiza anthu ofufuza makolo awo. Nawonso ndi mdzukulu wa Ahugenoti, Akhristu aja adathawa ku Falansa mfumu itatseka matchalitchi awo. Anandipatsa tiyi katatu, ndinakana katatu poti mpingo wathu sulola tiyi, mpaka anandibweretsera madzi otentha opanda kanthu akundiyang'ana ngati wodwala.

Achimwene, ndinadzitama. Ndinawafotokozera za banja lachifumu, za mkango, za minda imene adatilanda. Iwo ankangogwedeza mutu. Nditamaliza anandifunsa ngati agogowo adasiya kanthu kalikonse kogwirika m'manja. Ndinatulutsa chithunzi cha kabwato kathu kaja kamtengo kamene kamakhala pashelefu m'chipinda chanu chochezera, n'kuwauza monga tidauzidwira, kuti nkofanizira bwato limene kholo lathu lachifumu lidathawira.

Anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, bwato ili silinakhudzepo madzi chibadwire chake."

Ndinawatsutsa. Ndinati madzi lidakhudza, chifukwa achimwene anga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi adaliyandamitsa m'ngalande ya kuseri kwa khola, likadapita ndi madzi pakadapanda bambo, ndipo madzulo ake achimwenewo adadya chiimire. Mukukumbuka, musanamizire kuiwala.

Atatha kuseka anandifotokozera. Kanthuko ndi chipangizo cha owomba nsalu ya silika, chimene amaponya uku ndi uku chitanyamula ulusi. Mphako ya pakati, imene tinkati ndi pokhala anthu, ndi malo a ulusiwo. Kabowo ka m'mbali kamene tinkati ndi zenera ndi potulukira pake. Agogo aamuna a Mayi Pettifer adali nako kotero. Anati chodabwitsa nchakuti Afalansa eni ake chipangizochi amachitcha kabwato, m'chinenero chawo. Ndiye kuti dzina lidayenda nafe mpaka kwathu ku Mendon, koma ntchito yake tidaitaya panjira.

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo. Ndinatuluka osatsazika bwino. Koma Lachinayi lotsatira ndinabwerera, pakuti amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Takhala milungu inayi ine ndi mayiwo tikutsatira mabuku a ubatizo ndi a maukwati, iwo akundiwerengera Chifalansa, ine ndikukopera.

Nazi zimene tapeza. Susannah adabatizidwa mu 1822 ku Bethnal Green, ndipo bambo ake adalembedwa kuti Abraham Gosling, wowomba nsalu. Tembenuzani kabwatoko, muona zilembo zija A.G. zimene tinkasowa mwini wake. Bambo a Abraham adali Jacques, ndipo iwo m'buku la tchalitchi cha Afalansa adalembedwa kuti Gosselin. Angelezi atalephera kutchula adangolipinda dzinalo kukhala Gosling, mwana wa tsekwe. Bambo a Jacques adali Isaac, bambo a Isaac adali Pierre, amene adafika kuno mu 1687 kuchokera ku Bolbec, ku Falansa, ndi mkazi wake ndi mwana mmodzi. Onse anayiwo adali owomba nsalu. Mfumu ndaifuna tsamba ndi tsamba, palibe, ngakhale wosunga akavalo a mfumu palibe.

Koma pali mzere umodzi wa Pierre umene unandiliza pamaso pa anthu. Bukulo likuti adaima pamaso pa mpingo wonse kuno, naulula kuti kwawo adasaina pepala lokana chikhulupiriro chake, ndipo adapempha kuti amulandirenso. Mayi Pettifer anati ambiri adachita zomwezo, chifukwa asilikali ankawagonera m'nyumba, kudya chakudya cha ana, kuphwanya zipangizo, mpaka mwini nyumba asaine. Munthuyu adagwa, achimwene. Akadatha kukhala phee, nyumba ndi ntchito zikadakhala zake. Koma mtima udamukana, adasiya zonse, nawoloka nyanja kudzaima pamaso pa anthu n'kunena yekha cholakwa chake. Ine munthu wotere ndikumulemekeza kuposa mkango uliwonse wojambula.

Tsono ganizirani za Agogo Susannah. Tonse tidakula tikumva kuti mu 1856, ku Iowa, poyamba ulendo wa ku Chigwa, aliyense adaloledwa katundu wolemera osapitirira mapaundi 17 pangolo yokoka ndi manja, ndipo anthu adasiya mabuku, mbale ndi zofunda pamulu. Tikudziwa kuti agogowo adaika khanda lawo m'manda m'mbali mwa mtsinje wa Platte, m'mawa mwake nagwiranso ngolo. Mayi ameneyo, posankha chotenga ndi chosiya, adatenga chipangizo cha bambo ake, akupita kudziko kumene kunalibe ulusi wa silika ngakhale umodzi. Sadanyamule chikumbutso cha ufumu ayi. Adanyamula dzanja la bambo ake. Magazi amodzi omwewo adasiya zonse kawiri chifukwa cha Mulungu, koyamba ku Falansa, kachiwiri kuno ku Mangalande, ndipo ife takhala tikuwaveka chipewa cha eni ake ngati kuti zimene adachitazo nzochepa.

Ndikudziwa chimene chili pakamwa panu, chifukwa nanenso ndi chimene chinandisowetsa mtendere. Mukuti nanga Azakhali Arvilla? Zaka makumi anayi adatha akulemba buku la banja lathu, kulemba makalata kumatchalitchi a kuno, kudikira yankho miyezi isanu ndi umodzi, kukwera basi kupita ku Salt Lake kukapenya timafilimu tojambulidwa mabuku akale a matchalitchi mpaka maso adawathera pomwepo. Popanda iwo sitikadadziwa ngakhale dzina la sitima imene idatenga agogo. Lero ali ndi zaka 91, ndiye ine Verlene, wa milungu inayi yokha, ndikawauze kuti adalakwitsa? Ndinatsala pang'ono kung'amba mapepala anga n'kukhala chete.

Chinandibweza ndi lamulo lawo lija. Mukukumbuka kuti pathebulo pawo pankakhala zolembera ziwiri, ndipo wina akafuna kubwereka chimodzi ankamenyedwa padzanja. Ankati, "Inki ndi ya zimene ndaona ndi maso anga, pensulo ndi ya zimene ndangomva." Ife tinkaseka, tinkati ndi zovuta za munthu wosakwatiwa. Mawu a akulu akoma akagonera.

Ndinaimbira alamu Loweruka lapitali, nthawi imene ndinadziwa kuti muli kumunda mukutsegulira madzi othirira. Musawakalipire, ndinawaumiriza ndine. Ndinawapempha atsegule bokosi lija la mkungudza, atulutse buku lenileni la azakhali, lolemba pamanja, osati lotayipa limene tonse tili nalo. Ndinadikira pafoni ndikumva akutembenuza masamba mpaka tsamba 12.

"Alamu, ndi pensulo. Mzere wonse wa ufumuwu ndi pensulo, ndipo kumapeto kwake kuli chizindikiro cha funso."

Anatinso pansi pake azakhali adajambula kabwatoko, nalemba, ndi pensulo yomweyo, kuti kodi ndi bwato kapena chida cha ntchito. Azakhali sadaname, achimwene, ndipo sadalakwitse. Adalemba zimene adamva kwa akuluakulu monga zongomva, ndipo adakayika pamalo penipeni poyenera kukayika, ali ku Mendon, asanaonepo nsalu ikuwombedwa. Cholakwa chidalowa pamene msuweni wathu Kendall adatayipa bukulo pakompyuta kuti aliyense akhale ndi lake. Adachita ndi mtima wabwino, koma makina sadziwa pensulo, zonse zidatuluka zakuda mofanana, ndipo chizindikiro cha funso chidagwera panjira. Sindikumunena yekha. Tonse tidalandira, palibe adafunsa, chifukwa nkhaniyo inkatikomera.

Pali chinanso chimene sindinakuuzenipo. Nditapita kukawatsazika ku nyumba ya okalamba zaka ziwiri zapitazo, azakhali adandigwira mkono nandiuza kuti ndikakafika kuno ndikawaonereko tsamba 12, chifukwa akuchita manyazi kukakumana ndi Agogo Susannah lili choncho. Ine ndidangoti chabwino azakhali, mumtima ndikuti ndi ukalamba. Zaka ziwiri ndakhala ndikudutsa pafupi ndi laibulale ija pabasi, iwo akudikira. Zimenezi zikundiwawa kuposa manyazi a kwa Mayi Pettifer.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo nthawi yake ndi yochepa. Kalatayi ikangofika, siyani msipu tsiku limodzi, mupite ku Logan. Muyambe kwa wosema miyala, mumuuze asakhudze mwalawo. Kuchoka apo mupite kwa azakhali mutanyamula buku lawo, kabwato, ndi mapepala amene ndaika muno. Muwawerengere pang'onopang'ono, kukhutu lakumanja, ndipo kabwatoko muwaike m'manja apapase kabowo kaja. Mawu a pamwala anene ndi iwo. Mukandifunsa ine, ndingati alembe kuti Susannah, mwana wa Abraham Gosling, wowomba nsalu, ndipo pamalo a mkango asemepo kabwato.

Ndikudziwa kuti malaya a msonkhano adindidwa kale ndi mkangowo, ndipo abale a ku Arizona adzalankhula mpaka malovu kuuma. Malayawo avale, nsalu imatha. Mwala udzakhalapo ife tonse titapita, ndipo ana a ana athu adzauwerenga monga ife tidawerengera buku la Kendall. Inu ndinu wapampando wa banja, mawu oyamba adzagwera inu, ndipo ndikupepesa kuti ndakusenzetsani ndili kutali. Koma ndikukudziwani. Mumachita phokoso, kenaka mumachita choyenera. Mudzawauzenso abalewo kuti tapeza maina anayi atsopano, pamodzi ndi akazi awo, oti tipite nawo kukachisi tikabatizidwe m'malo mwawo, mwina mitima idzatsika.

Musaiwale kudutsa m'sitolo kugula cholembera cha inki yakuda. Mzere wa pensulo uja afufute okha, ndipo maina anayiwo alembe okha. Dzanja likatopa muligwirire, koma cholembera chikhale m'zala zawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndidzawateteza pamlanduwu. Moni kwa ana anu onse ndi zidzukulu, kwa amalume a ku Hyrum, kwa msuweni Kendall, amene mumuuze mofatsa, ndi kwa onse a kumpingo amene amandifunsa. Mayi Pettifer nawonso akuti moni kwa mnyamata woyandamitsa bwato.

Azakhali akakakana inki, n'kumati iwo sanaone ndi maso awo, muwauze kuti Verlene wachedwa koma wafika, ndipo za tsamba 12 waziona ndi maso ake m'mabuku a kuno. Maso amene adathera pa ife aja, atenge angawa m'malo mwake.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Verlene