Laisensi ndili nayo, koma ndimadziwa msewu umodzi wokha

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 52. Amuna anga, a Abu Qusai, anayendetsa takisi mumzinda muno zaka makumi atatu, mpaka matenda a shuga atawaononga maso ndi impso. Tsopano amakasefedwa magazi kuchipatala katatu pa sabata. Ana athu onse ali kunja, ndiye chaka chatha ndinati galimoto isachite dzimbiri pakhomo, ndiphunzira kuyendetsa.

Mayi Rudaina, amene ankandiphunzitsa, anali ndi njira yawo. Ankati, "Ukaona mtengo wa magetsi pagalasi, zunguliza chiwongolero kawiri." Ndikakhoza ankandiponyera switi, ndikalakwa ankawomba m'manja kamodzi pafupi ndi khutu langa. Mayeso ndinakhoza ulendo woyamba. Njira ya kuchipatala ndinailowezanso chimodzimodzi: pa sitolo ya mankhwala kumanja, pa mzikiti wobiriwira kumanzere, kenako molunjika. Miyezi isanu ndi iwiri sindinakwalepo galimoto ya munthu.

Lachiwiri lapitali ndinapeza msewu wa pa sitolo ya mankhwala uja atautseka, akukumba mapaipi. Aphungu, mutu unaima. Ndinangoponda buleki pakati pa msewu, kumbuyo mahutala okhaokha. Wa minibasi wina anasuzumira pazenera n'kukuwa kuti, "Azakhali, mwaima pamenepo mukudikira chikondwerero cha Idi?" Amuna anga anandifunsa modekha kuti, "Kumanja kwako ukuona chiyani?" Ndinati sitolo ya nsapato. Iwo anati, "Aa, ndi pamenepa? Bwerera pang'ono, ulowe kamsewu ka kumanzere." Munthu wosaona ndiye ananditsogolera mpaka kukafika. Koma tinachedwa, makina osefera magazi tinapeza atapatsa wina. Amuna angawo anadikira mpaka masana, ndipo anatuluka ali lefu.

Alamu anga atamva anati, "Mutu wa zaka makumi asanu sulandira zatsopano. Gulitsani galimotoyo musanaphe mchimwene wanga." Ine kugulitsa ndakana, ndipo ndikudziwa kuti kuyendetsa ndimatha. Koma n'chifukwa chiyani msewu umodzi wotsekedwa unandisandutsa mwana?

S.K., Irbid

Mayi S.K.,

Galimoto musagulitse. Mutu wanu uli bwinobwino, kungoti mwauphunzitsa theka la ntchito.

Akatswiri a za maphunzidwe a munthu amati pali kuphunzira kwa chizolowezi: waona chakuti, wachita chakuti, walandira switi. Kumeneku n'kumene anakupatsani mayi Rudaina, ndipo musawanyoze. Phazi lanu limapeza buleki musanaganize chifukwa cha iwo. Koma palinso kuphunzira kwa kumvetsa, pamene munthu amakhala ndi chithunzi cha chinthu chonse m'mutu. Kale ofufuza ankaika makoswe m'bokosi la tinjira tambirimbiri, n'kupeza kuti khoswe amene wayendayendamo momasuka amasunga chithunzi cha bokosilo, ndipo amapeza njira yachidule msanga. Inu mumadziwa pokhotera, koma simudziwa kumene chipatala chili. Amuna anu amadziwa, n'chifukwa chake maso sanawafune.

Ndiye mphunzitsi muli naye kale pampando wa pambali panu. Lero lomwe tengani pepala, mujambule nyumba yanu, chipatala ndi misewu ikuluikulu ya pakati pake. Mujambule ndi dzanja lanu mukuwafotokozera mokweza, iwo azingokuuzani pamene mwaphonya. Lachisanu m'mawa, poti ndi tsiku lopuma ndipo misewu imakhala phee, tulukani awiri mukafike kuchipatala podzera njira ina. Sabata yotsatira inanso, mpaka zikwane zitatu. Musanalize galimoto muziwafotokozera njira yonse ndi pakamwa, ndi chifukwa chimene mwaisankhira. Tsiku lina musochere dala, muime pabwino, mudzifunse kuti chipatala chili mbali iti, mubwerere nokha.

A Abu Qusai muwapemphe chinthu chimodzi chovuta: asamakulamuleni kuti "kumanja, kumanzere." Akatero mudzangosintha mphunzitsi, mutu n'kukhalabe chigonere. Azikufunsani mafunso. Munthu amene wagwira chiwongolero zaka makumi atatu pakamwa padzamuyabwa, koma apirire. Ndikhulupirira adzakondwa kuona kuti mzinda umene ausunga m'mutumo ukadali ndi ntchito.

Alamu anu musalimbane nawo. Pakatha mwezi muwatenge kwawo, muwafunse kumene akufuna kupita, mukawasiye pakhomo penipeni.

Chenjezo langa ndi ili: tsiku losefa magazi si tsiku lophunzira. Pamenepo dzerani njira imene mukuidziwa bwino, nyamukani theka la ola msanga, ndipo nambala ya wodi ikhale pamwamba mufoni yanu kuti mukachedwa muwaimbire. Kusochera kusungireni Lachisanu, pamene amuna anu sakudikiridwa ndi makina.

Aphungu