Nyemba m'mphuno mwa Bongani

Lawrence, Indianapolis
22 Epulo 2016

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuti bwanji? Mng'ono wanga Lucia anandiuza kuti mwayambanso kupita kokakolola ku Lunzu ngakhale adokotala anakuletsani. Ndikanakhala pafupi bwenzi nditakubisirani nsapato. Kuno tonse tili moyo: achimwene a Lyson, alamu a Evelina ndi adzukulu anu awiri aja.

Musadabwe kuti ndalemba m'malo moimba foni. Makoma a nyumba ino ndi opyapyala, ukayetsemula kuchipinda amakupepesa wa kukhitchini. Ndiye ndatumiza pa imelo kwa Lucia kuti akapulinte akubweretsereni. Muwerenge mutakhala pansi, chifukwa ndalemba nditakwiya ndipo sindibisa.

Mukudziwa kuti nditamaliza digiri yanga ya zaumoyo ku South Bend mu Disembala, ndinasamukira kuno kwa achimwene kuti ndizisaka ntchito ndili pa abale. Chimene mwina sindinakufotokozereni bwino ndi ichi. Wophunzira wochokera kunja akamaliza sukulu amaloledwa kugwira ntchito ya zimene anaphunzira, koma asakhale masiku opitirira 90 opanda ntchito. Akakwana masikuwo, basi, uzilongedza. Anga anayamba kuwerengedwa pa 8 Febuluwale. Lero ndi tsiku la 75. Atsala 15.

Ndipo masiku 75 amenewa ndawathera kuti? Pa kapeti, Amayi. Ndi Bongani wa zaka ziwiri ndi theka, ndi Sophia wa miyezi isanu. Alamu amalowa shifiti ya masana ku chipatala cha m'tauni, achimwene nawo ku nyumba yosamalirako okalamba. Poyamba anati ndingogwirizira masabata awiri mpaka apeze malo ku deyikeya, kumene amasunga ana makolo ali ku ntchito. Masabata awiriwo sanathebe.

Pamwamba pa izi kwabwera mvumbi. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Si mvula ngati ya kwathu yomwe imakhuthuka n'kuchoka, iyi ndi yozizira, yaulesi, imangowaza kuyambira m'mawa mpaka kude. Ku Machinjiri mvula ikagwa ana onse a mzere wathu ankaunjikana pa khonde la a Nankhoma, wamkulu n'kumayang'anira ang'ono, inu n'kumachapa zanu. Kuno khonde kulibe. Tili pa nyumba yosanja, aneba sindiwadziwa ngakhale dzina. Galimoto zonse ziwiri zimapita ku ntchito, ndipo ku Lawrence kuno munthu wopanda galimoto ndi mkaidi.

Alamu anamata pepala la malamulo pa firiji. TV isapitirire theka la ola. Bongani asagwire foni. Sophia azigonekedwa chafufumimba kangapo patsiku kuti khosi lilimbe. Chabwino. Koma kuyambira 1 koloko mpaka 7 ndi maola asanu ndi limodzi. Mukachotsapo theka la ola la TV, otsalawo TV ndi ine.

Palibe chimene sindinayese. Ndinatenga mipando ya pa tebulo ndi zitenje zimene munandipatsa zija, ndinamanga kanyumba. Bongani analowa, anatuluka, anakagwetsa, n'kuti "again". Ndinamanga kasanu ndi kawiri. Mawa lake ndinavundikira mapoto, ndinamupatsa zipande ziwiri kuti aziimba ng'oma. Anasangalala mpaka kutuluka dovu, koma bambo wokhala pansi pathu anayamba kugogoda denga lake ndi tsache, ndiye gule anathera pomwepo.

Katoni ya matewera ndinaisandutsa minibasi. Iye dalaivala, ine kondakitala komanso injini, kumukoka kuchokera kukhitchini mpaka kubafa ndikuitanira za Limbe, Sophia ali kumsana. Msana unandipweteka masiku awiri. Ndinakanda ufa wa tirigu ndi mchere kuti tiumbe ng'ombe monga tinkachitira ndi dongo la kudambo. Ng'ombe imodzi anailuma mutu, inayo anaipondera m'kapeti, ndinakhalira kupala ndi mpeni wa batala. Tinapinda masokosi a bambo ake kukhala mpira, unakathera mu toileti.

Mwanayu Chichewa amamva chonse, musanamizidwe. Koma ndikati khala pansi, amandiyang'ana m'maso n'kuyankha kuti "no, Auntie", modekha ngati bwana wa ofesi. Sophia yekha ndiye savuta kusangalatsa. Kagalasi koonera nkhope ndi botolo la pulasitiki lothiramo mpunga, lotsekedwa zolimba, zimamukwanira. Vuto lake ndi lakuti ukangomuika pansi amalira ngati wamutsina. Amafuna kumsana basi.

Tsopano nkhani yeniyeni. Ndaapulaya malo oposa makumi anayi. Amene anandiyankha ndi amodzi okha, bungwe lina la pakati pa tauni ya South Bend lomwe limatsata umoyo wa amayi ndi makanda. Ntchito yake ndi yomwe ndinaphunzira ndendende. Anandipatsa intaviyu ya pa Skype, yolankhulana tikuonana pa kompyuta, dzana Lachitatu, 3 koloko masana. Achimwene ndinawauza kukadali sabata yathunthu, anati asinthana shifiti ndi mnzawo. Lachitatu m'mawa akumanga zingwe za nsapato ndi pamene anandiuza kuti zakanika, komanso kuti intaviyu ya pa kompyuta si yodetsa nkhawa, ana adzakhala atagona. Amayi, ana awiriwa chibadwire sanagonepo nthawi imodzi.

Ndinaganiza kuti ndipeze chinthu chimene chingamugwire Bongani theka la ola ali chete. Ndinakumbuka momwe ine ndi mlongo wanga Chester tinkathera tsiku lonse pa bawo yokumba pansi kuseri kwa nyumba, mpaka inu kutiitana katatu. Ndinatenga thireyi ya mazira yopanda kanthu, ndinatapa nyemba zouma m'kabati, ndinamuonetsa kuponya imodziimodzi m'maenje. Zinagwira. Mwana anakhala duu, lilime panja, kusamutsa nyemba. Ndinabereka Sophia mpaka anagona, ndinavala jekete pamwamba pa chitenje, ndinaika laputopu pa tebulo poti mutu wa mwana usaoneke. Mumtima ndinadzitama kuti nzeru za kwathu zagonjetsa zidole zawo zonse za mabatire.

Kutatsala mphindi khumi, Bongani anabwera n'kundikoka siketi. Chala chili pa mphuno, akuti "Auntie, bean gone". Akamapuma mphuno imaimba kalikhweru. Ndinaunika ndi tochi ya foni. Nyemba yofiira, ili mkati ndithu, yakhala ngati kwawo.

Ndinakumbukanso za kwathu. Paja Chester ataika njere ya chimanga m'mphuno munamununkhitsa tsabola, anayetsemula, inatuluka. Botolo la tsabola linali kale m'manja mwanga pamene china chake chinandiuza kuti ndiyambe ndaimbira alamu. Mwamwayi anayankha. Nditatchula tsabola anakuwa kuti ndisayerekeze, mwana akakoka mpweya mwamphamvu nyembayo ikhoza kulowera ku mapapo. Anati ndisatokose ndi chilichonse. Nditseke ndi chala mphuno yopanda nyembayo, ndiike pakamwa panga pa kamwa pake, ndiuzire kamodzi mwamphamvu. Zikakanika ndiimbe ambulansi.

Nthawi yomweyo laputopu inayamba kulira. Anthu a ku South Bend aja.

Ndinauzira koyamba, palibe. Bongani anandimenya chibakera pa khutu, Sophia anadzuka n'kuyamba yake kumsana. Kachiwiri, palibe. Laputopu inasiya, inayambanso. Alamu pa foni akungoti mlamu musanjenjemere, mugonekeni bwino. Ndinamupana miyendo ndi mawondo anga, ndinauzira kachitatu. Nyemba inauluka n'kukagunda chitseko cha firiji, mamina onse pa jekete yanga ya intaviyu. Mwana analira pang'ono, kenako anafunsa ngati angatengenso nyemba zake. Nthawi inali itadutsa ndi mphindi makumi awiri, ndipo laputopu inali zii.

Ndinawaimbira ndekha, ndinanena zoona zokhazokha. Mayi amene amatsogolera bungwelo anayamba wafunsa ngati mwana ali bwino. Kenako anati ali ndi anthu ena atatu amene awaona kale, ndipo chiganizo apanga Lachisanu pa 29. Ngati ndikufunadi, ndikaonekere ndekha ku ofesi kwawo Lachinayi pa 28, 10 koloko m'mawa. Anati za Skype ayi, ndipo tsiku lina palibe.

Alamu atabwera sanakalipe. Anamuunika mwana m'mphuno, anamumvetsera pa chifuwa, n'kungondiuza kuti mwana wosakwana zaka zitatu sapatsidwa tinthu ting'onoting'ono. Mawu amenewa anandipweteka kuposa kutukwanidwa, chifukwa ndimawadziwa. Ndinalembapo mayeso pa ngozi za ana za m'nyumba, ndinakhoza bwino. Kulakwa kumeneko ndi kwanga ndipo ndinapepesa.

Achimwene ndiye anapeza poyambira. Anati taonani Madamu Digiri, mabuku onse aja koma mwana mmodzi wawakanika. Anati vuto ndi lakuti mtima wanga uli pawiri, ndikanayang'ana mwana osati kompyuta sizikanachitika. Za Lachinayi anati ndiiwale, onse awiri ali pa shifiti, ana atsala ndi ndani? Nditawakumbutsa za masiku 15, anati Mulungu atsegula khomo lina, kapena ndilembetse kosi ina iliyonse kuti mapepala akhale bwino, ambiri amatero. Kosi ina! Kuti ndikhale mwana wa sukulu mpaka imvi, masana ndikukoka katoni.

Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinawafunsa kuti mafomu a deyikeya amene akhala pansi pa mbale ya zipatso kuyambira Febuluwale osalembedwa ngakhale dzina, nawonso akudikira Mulungu? Anaimirira n'kunena kuti m'nyumba mwawo mwana wamng'ono sawayankha choncho, ndipo kuti Amayi ananena okha kuti Madalo akakhale kwa achimwene ake awathandize ana. Mawu anu amenewo amawatchula ngati vesi. Akawatchula nkhani imatha.

Dzulo tikutsuka mbale, alamu anandinong'oneza kuti iwo akhoza kupempha tsiku limodzi ku ntchito, sizovuta. Koma achimwene anawaletsa, akuti kutero n'kundiphunzitsa mwano. Alamu sakufuna nkhondo m'banja mwawo chifukwa cha ine, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Muwaimbire achimwene Lamlungu lino akatuluka ku tchalitchi. Muwauze kuti pamene munkati ndiwathandize, simunkatanthauza kuti nditaye chimene ndinabwerera kuno. Mawuwo munamanga ndinu, ndipo palibe wina amene angawamasule. Ine ndikanena ndi mwano, alamu akanena ndiye kuti akuikira kumbuyo mlamu wawo. Inu mukanena adzang'ung'udza, koma adzamva.

Musaganize kuti ana ndatopa nawo mpaka kuwada. Lero masana Bongani anatenga thaulo n'kubereka chidole chake cha chimbalangondo, akuyendayenda m'nyumba n'kumachisisita kumbuyo monga ndimachitira ndi Sophia. Ndinaseka mpaka misozi. Ndidzawasowa. Koma masiku anga akatha ndidzachokabe m'nyumba muno, kusiyana kwake n'kwakuti ndidzachoka chimanjamanja, ndipo deyikeya yomweyo adzaifunabe.

Kubwerera kumudzi sindikuopa. Ndikufuna kubwera, koma nditagwirako ntchito zaka ziwiri, ndikudziwa momwe anzathu amasungira mbiri ya mwana aliyense osataya. Ndatopa kumva kuti mayi wakhala pa mzere ku chipatala kwathuko kuyambira m'mamawa kenako n'kubwezedwa chifukwa buku lasowa. Zimenezo zikhoza kukonzedwa, ndipo sindikufuna kudikira kuti ndikalambe kaye.

Ndikuuzeniretu chinthu chimodzi kuti musadzachimvere kwa wina. Lachitatu masana ndikukwera basi ya ku South Bend. Mnzanga Tusekele amene tinkaphunzira limodzi wati ndikagone kwake. Achimwene ndiwauza Lolemba, kuti akhale ndi masiku awiri okonza za ana. Mukaimba, ndidzatuluka pakhomo pano nditatsanzika ngati mlongo wawo. Mukapanda kuimba ndidzatulukabe, ndipo iwo ndi amene adzakuimbireni kuti mwana wanu wathawa ana. Ndikanakonda njira yoyambayo, Amayi. Mchimwene ndili naye kuno ndi mmodzi yekha.

Mundiperekere moni kwa bambo aang'ono a Alufeyo ndi mayi aang'ono, kwa azakhali a ku Chirimba, ndi kwa alamu anga a Dixon. Chester mumuuze kuti ndikudikirabe zithunzi za nyumba imene akuti wafoleredwa ija. Lucia, ndikudziwa kuti wawerenga yonse usanapulinte. Palibe kanthu, koma ukaipereke Loweruka lomweli, ndipo uwaikire Amayi mayunitsi.

Mulungu akusungeni, ndipo bondolo mulipumitse.

Ndine mwana wanu,
Madalo